Anayamba Kuphwetsa Matayala Mwana Wanga Ali Kayakaya

Mtendere wa Ambuye wathu ukhale nanu nonse, abale ndi alongo amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Ine ndine Nambewe wa ku Kaomba kuno ku Kasungu, mlimi wa fodya ndi chimanga. Amene timapemphera limodzi amandidziwa kuti ndine mayi wa pakamwa, ndipo sindikana, ndinabadwa choncho. Lero ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mwana wanga woyamba, Tiyamike, anatsala pang'ono kutisiya ali ndi pakati, ndi momwe Mulungu anamulanditsira kudzera mwa munthu amene mudzi wonse unkamuseka.

Zinali zaka zija za makuponi. Mvula inali itayamba mwamphamvu, aliyense ali kalikiliki kuwokera fodya, koma feteleza wotsika mtengo uja anachedwa kufika kudepoti. Amene munalimako nthawi imeneyo mukukumbukira momwe mitima inkakhalira m'mwamba: chimanga chamera, chayamba kuchita chikasu, kuponi ili m'thumba, feteleza kulibe. Ndiye mbiri itamveka kuti lole yafika, anthu anakhamukira pamsika pamene panali depoti, ndipo a m'mudzi mwathu anagwirizana kuti matumba awo onse anyamulidwe ndi galimoto ya a Chirwa.

A Chirwa kwawo kunali chakumpoto, kufupi ndi Nkhamenya, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka chosakanikirana ndi Chitumbuka. Anakhala zaka zambiri ku Joni. Anzawo akamabwerera kumeneko amabwera ndi mawailesi aakulu ndi masuti, koma iwo anabwera ndi pikapu yakale yoyera, ya mipando yakutsogolo ndi yakumbuyo, komanso nkhani za matayala zosatha. Ankati ankagwira ntchito pabwalo la mpikisano wa galimoto, kumene anthu achuma amathamangitsana mozungulirazungulira pamsewu wa tala wopanda njinga kapena mbuzi. Anayamba ngati wosintha matayala, kenako ankapatsidwa galimoto kuti aziyesa matayala atsopano n'kunena momwe akugwirira msewu. Ife tinkangovomera ndi mutu. Ndani wobwerera ku Joni amene sanali bwana kumeneko?

Chimene chinkatiseketsa n'chakuti katswiri wa mpikisanoyo ankayendetsa ngati wanyamula mazira. Ukakweza mabelo ako a fodya pagalimoto yawo unkadziwa kuti afika bwinobwino, koma iwe ufika utagona tulo. Ndipo akaima paliponse ankatsika n'kuzungulira galimoto, akuika chikhato pa tayala lililonse monga amachitira mayi poona ngati mwana watentha thupi. Anthu a pamsika anawapatsa dzina loti Dokotala wa Matayala. Kutchalitchi ankangobwera mwa apo ndi apo, ndiye ine sindinkawawerengera m'gulu la anthu amene Mulungu angawatume.

Tsiku limenelo Tiyamike anadzuka akumva kupweteka, masiku ake asanakwane. Inali mimba yake yoyamba. Ine ndi mwamuna wake, a Phiri, amene ndi mkamwini pamudzi pathu, tinamutengera pangolo kuchipatala chaching'ono cha pamsika pomwepo, mvula ikutikhuthukira njira yonse. Anamwino anamulowetsa, ife tinakhala pakhonde. Atatuluka, nkhope yawo inali itasintha.

"Amayi, khanda lagona chopingasa, ndipo mwana wanuyu wayamba kutaya magazi. Pano sitingathe. Akufunika opaleshoni kuchipatala chachikulu pa boma, ndipo akufunika kupita pompano."

Ambulansi anali ataiyitana kale pafoni. Tinadikira, maso ali kumsewu. Kenako foni ya anamwino inalira, ndipo uthenga unali woti ambulansi yaterereka pamtsetse wa kudambo n'kugwera m'ngalande, ndipo pafupi pake patitimiranso lole. A Phiri anathamangira kwa oyendetsa matola amene anali pamsika. Onse anapukusa mitu. Anati msewu wa kudambo lero ndi sopo weniweni, ngakhale woyenda pansi akugwa.

Apa ndi pamene ndinathedwa nzeru. Ndinkamva mwana wanga akubuula mkati, ndipo kubuulako kunkacheperachepera, zomwe ife azimayi timadziwa kuti si zabwino. Ndinazungulira kuseri kwa chipatala n'kugwada m'matope momwemo. Sindinganame kuti ndinapemphera pemphero lokongola. Ndinakangana naye Mulungu. Ndinamuuza kuti mwana ameneyu ndinamulera ndekha bambo ake atamwalira, ndinamuphunzitsa ndi fodya wa m'chigafa changa, ndiye ngati lero akufuna munthu anditenge ineyo, chifukwa ine zanga ndinadya kale. Ndinalira mpaka mawu anatha. Kumwamba kunangokhala chete, mvula yokhayokha.

Nditabwerera kukhonde ndinapeza pikapu yoyera itaima pakhomo, matumba a feteleza atadzaza mpaka pamwamba, atafunditsidwa tenti. A Phiri anali atawapeza a Chirwa akumaliza kupakira kudepoti, ndipo iwo okha ndi amene anavomera. Kunena zoona sindinasangalale. Ndinati mumtima, Ambuye, ine ndapempha liwiro, inu mwanditumizira bilimankhwe.

A Phiri anali atakwera kale pamwamba, akuponya matumba pansi kuti galimoto ipepuke, ithamange. Aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi. A Chirwa anawaletsa.

"Yayi, a Phiri, musatsitse onse. Chotsani apamwamba okha. Otsalawo muwaunjike pamwamba pa matayala akumbuyo, ndipo inu mukhale pomwepo."

Eni feteleza anali atalondola galimoto kuchokera kudepoti, ndipo ndinaona ena akuyang'ana matumba awo, n'kuyang'ana kumwamba, chifukwa feteleza wobereketsa uja akanyowa amasungunuka ngati mchere. Amene anayankhula ndi Nazulu, mnansi wanga amene timakangana chaka ndi chaka za malire a munda. Anati, "Akasungunuka tithira manyowa. Tengani mwanayo muzipita."

Tinamugoneka Tiyamike pampando wakumbuyo, anamwino ali pambali pake atanyamula botolo la diripi. Ine ndinakhala kutsogolo. Ndinkadikira kuti galimoto ilire, koma a Chirwa sanakwere. Nditasuzumira pawindo ndinawaona atanyonyomala pa tayala lakutsogolo, akukanikiza kamwa la chubu ndi msomali, mpweya ukutuluka kuti fwiii. Anali kuphwetsa matayala.

Muyenera kumvetsa chifukwa chomwe ndinapsera mtima. Kwathu kuno tayala labwino ndi lolimba gwa. Tinakulira pa njinga zonyamula matumba ndi ngolo zonyamula mabelo, ndipo munthu asananyamuke ulendo amapopa mpaka chala chikanike kulowa. Tayala lophwa ndi la munthu waulesi, kapena la munthu amene ulendo wake wathera panjira. Ndiye kuona bambo wamkulu akutulutsa dala mpweya, mwana wanga ali kayakaya kumbuyo kwanga, ndinatsegula chitseko n'kuwalalatira pamaso pa anthu onse.

"A Chirwa, mwapenga kodi? Mwana wanga akufa, inu mukusewera ndi mpweya?"

Sanadzuke n'komwe. Anasunthira pa tayala lina n'kupitiriza.

"Mama, tayala lolimba limaponda pansi ndi chala chimodzi. M'matope umu ndikufuna liponde ndi phazi lonse. Khalani pansi, tikunyamuka sono."

Anamaliza onse, akulikankha lililonse ndi chikhato, kenako analowa n'kuliza galimoto.

Titangotuluka pamsika ndinazindikira kuti amene wakhala pachiwongolero si munthu uja tinkamudziwa. Galimoto inanyamuka mofewa, osazunguza matayala pamalo amodzi ngati amachitira a matola, koma posakhalitsa mitengo inayamba kudutsa pawindo mwa liwiro limene sindinalionepo pamsewu umenewo ngakhale m'chilimwe. Chiwongolero anachigwira mopepuka, ndi zala, ndipo manja awo sankapuma, ankangokhotetsa pang'onopang'ono uku ndi uku ngakhale pamene msewu unali wowongoka. Ine ndinayamba kupemphera mokweza, monga mwa chizolowezi changa.

"Mama, pempherani chamumtima. Ndikumvetsera matayala."

Chibadwire palibe amene anandiletsapo kupemphera. Ndinawatembenukira mawu ali pakamwa kale, koma nditaona nkhope yawo ndinawameza. Anali kumvetseradi, mutu utapendekeka pang'ono. Ndipo nditakhala chete ndinayamba kumva nanenso. Pamene panali timiyala matayala ankalira mokhakhala, pofika pa katondo woterera phokoso linkafewa, ndipo likangofewa phazi lawo linkapepuka galimoto isanayambe n'komwe kugwedezeka. Sankatsata mizere yakuya imene magalimoto ena anakumba, ankasankha pamene pali tiudzu kapena mchenga, ndipo ankapaona ali patali.

Ndinaonanso chinthu china. Buleki ankaiponda kona isanafike, galimoto ikadali yowongoka. Akalowa pakona phazi linkachoka pa buleki, ndipo silinkabwereranso mpaka atatuluka. Kumbuyo kwa galimoto kunkasunthira kunja pang'ono, ngati kukufuna kutipitirira, koma iwo sankalimbana nako. Ankakulola pang'ono, kenako n'kukubweza. Kona iliyonse ndinkati tagwa basi, koma kona iliyonse tinkatuluka tili pakati pa msewu.

Kumbuyo anamwino ankangoti, "Tiyamike, musagone. Yankhulani nane. Mwanayu mudzamutcha ndani?" Poyamba ankayankha. Tisanafike kudambo anasiya kuyankha.

Pamtsetse wa kudambo ndi pamene ndinaona dzanja la Mulungu ndi maso angawa. Msewu pamenepo umatsika mokhota, dothi lake ndi makande akuda aja omata kumapazi, ndipo pansi pake pali kamlatho kopanda zitsulo m'mbali. Ambulansi inali itagona m'ngalande kumanzere. Lole inali itatitimira kumanja, chakumunsi pang'ono. Pakati panatsala mpata wongokwanira galimoto imodzi, ndipo madzi ofiira anali atatsala pang'ono kusefukira pamwamba pa mlatho. Anthu amene ankakankha lole anatiimika ndi manja onse awiri. A Chirwa anachepetsa liwiro tikadali pamwamba, anasintha giya, analiza hutala kuti anthu apatuke, ndipo tinayamba kutsika.

Titangodutsa ambulansi, kumbuyo kwa galimoto kunachoka. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji mwina. Mphuno ya galimoto inaloza kuthengo, ndipo mlatho ndinkauona kudzera pawindo la pambali panga, ukubwera. Tinkatsika chammbali, molunjika pamene panali lole. Ndinamva a Phiri akukuwa kumbuyo, ndipo inenso ndinakuwa kuti, "Buleki!" Phazi la a Chirwa silinapite pa buleki. Anapotoza chiwongolero mofulumira kulozetsa matayala komwe tinkatererekera, n'kuponda moto pang'ono chabe. Kwa kanthawi galimoto inakhala ngati ikuganiza. Kenako ndinamva pansi pa mpando wanga kuti matayala agwira. Mphuno inabwerera, tinadutsa lole ija pafupi kwambiri moti a Chirwa akanatha kuikhudza ndi dzanja, ndipo tinakwera pamlatho tili owongoka.

Kutsidya kuli chitunda. Tili pakati pake matayala anayamba kuzungulira pamalo amodzi, matope akuulukira kumwamba. Woyendetsa wina aliyense amene ndinakwerapo galimoto yake akanaponda moto mpaka pansi, ndipo tikanakumba dzenje n'kukhala momwemo. Iwo anachita zosiyana. Anachotsako phazi mpaka matayala anasiya kupota, ndipo galimoto inayamba kukwawa, matumba a feteleza aja akukanikiza kumbuyo kuti kugwire pansi. Titafika pamwamba ndinazindikira kuti ndaluma mpango wanga mpaka kuuboola.

Pamphambano ya msewu wa tala anaimanso, n'kutulutsa pampu yopondaponda kuseri kwa mpando. Anati tayala lophwa likathamanga pa tala limatentha n'kuphulika, ndiye mpweya uja uyenera kubwerera. Ulendo uno sindinatsutse. A Phiri anali atanyowa thupi lonse, mphamvu zitawathera, ndiye ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuponda pampuyo ndekha, ndipo bambo wina womata matayala pamphambanopo anabwera ndi yake n'kuyamba mbali inayo. Ndikuponda ndinkayang'ana pawindo lakumbuyo. Milomo ya Tiyamike inali itayera, maso atatseka, ndipo anamwino anali atamugwira pamkono akufunafuna kugunda kwa mtima. Anandiyang'ana n'kuti, "Alipo. Fulumirani."

Pa tala ndi pamene ndinakhulupirira nkhani zonse za ku Joni. Mvula inali itakata koma msewu unali ukadali wonyowa, ndipo galimoto yakale ija inkathamanga ngati yaiwala zaka zake. Pokhota paliponse matayala ankatulutsa kamawu kakang'ono, osati kukuwa ayi, ndipo a Chirwa ankayendetsa pa kamawu komweko, osapitirira, osabwerera m'mbuyo. Pena pake bambo wina wa njinga, atamangirira thumba lake la makuponi kumbuyo, anadzandira n'kulowa pakati pa msewu. A Chirwa anaponda buleki mwamphamvu galimoto ili yowongoka, mpaka lamba anandikanikiza pachifuwa, kenako anaisiya, ndipo atangoisiya ndi pamene anakhotetsa n'kumuzemba. Zonsezi zinachitika m'kuphethira kwa diso, koma china pambuyo pa chinzake, mwadongosolo lake. Sanatukwane, sanacheuke n'komwe.

Pachipatala chachikulu anatilandira mothamanga, chifukwa anamwino anali ataimbiratu foni. Anamuika Tiyamike pa kabedi koyenda n'kulowa naye, chitseko n'kutsekedwa. A Phiri anawatenga kuti akapereke magazi. Ine ndinatsala ndekha pabenchi, ndipo kukhala kunandikanika, ndiye ndinatuluka panja.

Ndinawapeza a Chirwa atakhala pansi, atatsamira tayala lakumbuyo. Manja aja amene anatiwolotsa pamlatho tsopano ankalephera kutsegula botolo la madzi. Ndinawatsegulira, ndinakhala pansi chapatali pang'ono, n'kupepesa chifukwa cha mawu anga aja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti akanakhala iwo akanatukwana koposa apo. Poopa kuganiza za zomwe zinkachitika kuseri kwa chitseko chija, ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji kuti galimoto ibwerera pamtsetse paja.

Anandifotokozera ngati akufotokozera mnzawo wa pantchito. Anati matayala a pampikisano ndi osalala, opanda mizere, mphira wake ndi wofewa, ndipo amagwira msewu akatentha, pamene amamata ngati phula. Akazizira amaterera, akatenthetsa amayamba kusungunuka n'kutereranso, ndipo n'chifukwa chake iwo anazolowera kuwakhudza ndi chikhato. Anati tayala limagwira mwamphamvu kwambiri pamene langoyamba kuterera pang'ono, ndipo kampata kameneko n'kakang'ono zedi: ukapanda kukafika ndiye kuti ukuchedwa, ukakapitirira wapita kuthengo. Ntchito yawo yonse ku Joni inali kufunafuna kampata kameneko n'kukhala momwemo, kona ndi kona, tsiku lonse. Ulendo wawo woyamba pabwalolo anakapitirira, galimoto inazungulira ngati nguli mpaka kukaima m'miyala, anzawo akuseka. Anati matayala amenewo m'matope athu sangatuluke n'komwe pakhomo, koma tayala lililonse limachenjeza lisanataye msewu. Umamva m'manja chiwongolero chikapepuka, umamva m'chiuno kudzera pampando, umamva ndi makutu. Vuto ndi lakuti ambiri amayendetsa wailesi ikulira.

"Nanga buleki ija munaikaniranji?" ndinafunsa.

"Tayala lili ndi mphamvu zochepa, mama. Likatanganidwa ndi kukhota, inu n'kulipempha kuti liimenso, limataya zonse ziwiri. Mantha amakuuza kuti ponda. Ukaponda wapita."

Kenako anayankhula osandiyang'ana. Anati mkazi wawo anamwalira ali ndi pakati, pangolo, panjira yopita kuchipatala, nyengo ya mvula ngati yomweyi, iwo ali ku Joni. Tsiku limenelo iwo anali kuzungulira pabwalo lija ndi galimoto yothamanga kuposa zonse zimene anayendetsapo, yopanda wodwala mkati, yosapita kulikonse. Uthenga unawapeza maliro ataikidwa kale. Anati kuyambira pamenepo liwiro linawanyansa, ndipo n'chifukwa chake ankayenda pang'onopang'ono ndi mabelo athu.

"Lero ndi koyamba kuthamanga chibwerereni," anatero. "Chiuta andikhululukire ngati ndachedwanso."

Ndinangoyamba kupemphera, ndipo nditacheuka ndinaona kuti nawonso atseka maso, milomo ikugwedezeka.

Dzuwa litapendeka anamwino athu aja anatuluka akutifunafuna. Ndinayesa kuwerenga nkhope yawo ali patali koma maso anga anali odzaza misozi. Anafika n'kugwada patsogolo panga, n'kundigwira manja onse awiri.

"Amayi, muli ndi mdzukulu wamkazi. Ndi wamng'ono koma akulira bwino. Tiyamike wataya magazi ambiri, akumuwonjezera ena, koma watsegula maso ndipo akufunsa inu."

Ndinamva a Chirwa akutulutsa mpweya wautali pambali panga, kenako anaphimba nkhope ndi chipewa chawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalowa mkati ndili matope thupi lonse, ndipo palibe amene anandiletsa. Mwana wanga anali atayereratu, mawu ake akungomveka pang'ono. Anandigwira chala n'kundifunsa ngati khandalo ndaliona. Ndinagwada pambali pa bedi n'kuthokoza Mulungu yemwe uja ndinakangana naye m'mawa, ndipo ndinathokoza mokweza mpaka odwala ena m'chipindamo anavomera ameni.

Abale anga, ine za galimoto sindinaphunzire, ndipo mpaka lero kuyendetsa sindidziwa. Koma ndimasilira luso limene Mulungu anaika m'manja mwa bambo amene uja, ndipo ndimadabwa ndi njira zake. Anamutumiza munthu kutali, kukakhala zaka zambiri pa masewera a anthu olemera, kuphunzira zinthu zooneka zopanda phindu kwa mlimi wa fodya, kuti tsiku lina adzawolotse mwana wa mayi wamasiye padambo la kwathu. Pamene ine ndinkati kumwamba kwangokhala chete, yankho linali likupakira feteleza kuseri kwa msika. Ndipo litafika ndinalilalatira, chifukwa linkachita zosemphana ndi zonse zomwe ndinkadziwa.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Chirwa, amene tsopano akalamba ndipo anabwerera kwawo kumpoto. Titatuluka m'chipatala ndinawapititsira tambala wanga wamkulu, ndipo analandira ndi manja awiri n'kungoti yewo, ngati sanachite kanthu. Ndikuthokoza chifukwa cha anamwino amene ananyamula botolo lija njira yonse mkono osautsitsa, ndi madokotala amene sindinawadziwe n'komwe mayina. Ndikuthokozanso chifukwa cha Nazulu. Feteleza wake ananyowadi, ndipo chaka chimenecho tinagawana wanga, ngakhale kuti za malire timakanganabe.

Inu amene mukuwerenga muli pamtsetse wanu, kaya ndi matenda, kaya ndi banja, kaya ntchito yatha, ndikudziwa momwe zimakhalira zinthu zikayamba kuyenda chammbali, mantha akukuuzani kuti basi zatha, tayani mtima. Kuterereka sikutanthauza kuti mwagwa kale. Pitirizani kupemphera, ngakhale pempherolo likhale lokangana ngati langa lija, Iye amamva ndithu. Ndipo musathamangitse msanga munthu amene wabwera kudzakuthandizani chifukwa choti akuchita zachilendo kwa inu.

Tsiku limenelo, ndikuponda pampu pamphambano paja, ndinali nditayamba kale kuganiza kuti mwana wanga ndikamuika bwanji m'manda mvula ili chonchi. Pamene ndikulemba izi Tiyamike ali panja apa m'chigafa, akusoka fodya ndi mwana wake wamkazi uja, amene tsopano wamupitirira msinkhu, ndipo akukangana kuti ndani akuchedwetsa ntchito. Ndikuwamva onse awiri. Ambuye alemekezeke.